Diso Logona pa Ndimu ya Daliso

Ndinatsika minibasi pamsewu wa M5 dzuwa lili paliwombo. Chikwama chimodzi. Nsapato zodzadza fumbi la ku Mwanza. Ndinali kumeneko, paboda, kudikira thiraki ya ku Beira, pamene achemwali anga a Bushra anaimba foni. Sanachulutse mawu. Anati lalanje la amayi likufa. Anati ngati zimene ndinaphunzira ku Joni zili ndi ntchito, ntchito yake ndi imeneyi.

Dzina langa ndi Khalidi. Ndinakulira ku Ndirande, kwa amalume. Bambo atamwalira, amayi anabwerera kwawo ku Mwadzama ndi achemwaliwo komanso mng'ono wanga Faruku. Ine anandisiya m'tauni chifukwa cha sukulu. Sukuluyo sindinaimalize. Chiyambire sindikhazikika. Limbe. Tete. Beira. Joni. Ndikangodziwa dzina la mayi wogulitsa mandasi pakona, mtima umayamba kuloza kudepoti.

Ntchito imodzi yokha inandikhalitsako. Nazale ya malalanje, ku Limpopo. Kumeneko ndinaphunzira kumezanitsa mitengo. Umatenga diso la mtengo wabwino, kanthu kaja kokhala m'khwapa mwa tsamba, pamene nthambi imadzaphukira. Umalilowetsa m'khungwa la mtengo wina wolimba mizu. Umamanga. Likagwira, mtengo wabwino uja wapeza miyendo yatsopano.

Lalanje la amayi linachokera ku Limbe m'chitini cha mafuta ophikira. Anawapatsa mayi wina wachimwenye amene ankamuchapira zovala. Linakulira kuseri kwa nyumba yathu ya kunyanja. Zipatso zotsekemera, khungu lopyapyala, mkati mopanda njere ngakhale imodzi. Anthu ankabwera kudzapempha mbewu. Amayi ankaseka, n'kuwasendera lalanje kuti aifune okha. Amayiwo anatisiya zaka zingapo zapitazo. Mtengo unatsala. Ndiye mtengo wopanda njere ukauma, wapita. Palibe chodzala.

Chaka chimenecho nyanja inakwera. Inadya gombe. Inalowa m'minda ya mpunga, kenako m'makomo. Faruku anali atamanga kale kumtunda, pafupi ndi munda wa chinangwa, pamene anakwatira. Achemwali anasamukira komweko. Anasamutsa malata, zitseko, mbuzi. Mtengo sungasamutsidwe.

Nditafika, achemwali sanandipatse n'komwe madzi akumwa. Tinapita kunyumba yakale. Madzi m'mawondo, ofunda, obiriwira. Khoma limodzi la nyumba litagwa. Tinsomba tikulowa ndi kutuluka pakhomo la kuchipinda kwa amayi. Lalanje lili chiimire. Masamba ambiri atayoyoka, otsala achikasu. Patsinde khungwa linkasupuka ndi chala, fungo lake ngati chinangwa choiwalidwa m'madzi.

Ndinayendera nthambi iliyonse, kukanda ndi chikhadabo. Youma. Youma. Youma. Kumbali yotulukira dzuwa ndinapeza imodzi, kukula ngati pensulo, mkati mobiriwira. Ndinaidula. Ndinaikulunga mumpango wonyowa wa achemwali. Anafunsa ngati yakwana. Ndinati ili ndi maso anayi abwino. Anafunsa ngati anayi ndi ambiri.

Kumtunda kunali mitengo ing'onoing'ono ya ndimu. Itatu m'mbali mwa mpanda, imene achemwali anabwera nayo m'zitini, yowonda, yodyedwa masamba. Wachinayi unali pawokha, kuseri kwa nyumba ya Faruku. Wowongoka, wofika m'chifuwa, tsinde ngati chala chachikulu. Atauzinga ndi njerwa ndi minga. Nditangouona mtima unakhala pansi. Uwu ndiye.

Faruku anali ku Dwangwa, kumene amadula nzimbe. Amabwera Loweruka. Mkazi wake Liness anali atapita kusikelo ndi mwana wawo Daliso. Achemwali analowa m'nyumba kukaswali. Kanthambi kodula sikadikira munthu. Dzuwa la kunyanja limakaumitsa ukuona. Ndinatenga lezala yatsopano. Ndinang'amba majumbo a shuga kuti ndimangire. Ndinayamba ndi itatu ija. Diso labwino koposa ndinasungira wachinayi. Ndinacheka khungwa m'munsi pang'ono mwa bondo. Linasupuka bwino, lonyowa. Diso linalowa ngati kwawo. Ndinamanga.

Liness anafika dzuwa litapendeka, Daliso ali kumbuyo. Anandipatsa moni atagwada, monga mlamu wamkulu. Kenako anazungulira kuseri. Anakhalitsako. Atabwera sanandiyang'ane. Anafunsa achemwali kuti wacheka mtengo wa mwana ndani.

Achemwali anagwira pakamwa. Anaiwala kundiuza. Kapena ankayesa ndikudziwa. Kumudzi amaganiza kuti zinthu zoterezi munthu amabadwa nazo. Liness kwawo ndi ku Mulanje. Makolo ake anabwera kuno kudzagwira ntchito ya nzimbe. Kubanja kwawo mchombo wa mwana ukagwa amaukwirira, n'kudzalapo mtengo. Mtengowo ndi wa mwanayo. Chitsulo sichiukhudza mpaka mwiniwake atakula n'kuthyola yekha chipatso choyamba. Pansi pa ndimu ija panali mchombo wa Daliso.

Ndinapepesa. Ndinati ndimasule, ndichotse. Liness anati bala lachitika kale, kuchotsako ndi bala lachiwiri. Anati zikhale. Tsiku limenelo sanandiyankhulenso.

Kudikira sindikutha. Ndinapita ku Dwangwa kukaona ngati kuli ganyu. Ndinazungulira msika, ndinamwa tiyi, ndinabwerera tsiku lomwelo. Ndinapita ku Bua kukaonerera asodzi a mpasa. Ndinabwerera. M'mawa uliwonse ndinkayendera mitengo inayi ija ngati dokotala wopanda mankhwala. Faruku atabwera anandiseka. Ati achimwene a m'tauni apeza akazi anayi tsiku limodzi, onse ovala jumbo.

Mtengo woyamba unadyedwa ndi mbuzi, pulasitiki ndi zonse. Wachiwiri nditamasula, diso lakuda. Wachitatu chimodzimodzi, louma ngati nkhanambo. Ndinathamangira kunyanja kukafuna kanthambi kena. Mwera unali utayamba. Lalanje la amayi linalibenso tsamba. Nthambi ija ndinadulako inathyokera m'manja. Mkati mouma.

Ndinapempha Liness kuti ndimasule wachinayi. Anaima pambali atapinda manja. Ndinamasula pang'onopang'ono. Diso lobiriwira. Lamamatira. M'mbali khungwa layamba kulumikizana. Lagwira. Achemwali anati Alhamdulillah, n'kukhala pansi pomwepo, panjerwa. Anafunsa kuti liphuka liti.

Apa ndiye panali vuto. Ndinkalidziwa. Ndinkangolikankhira mawa.

Diso logwira si diso lodzuka. Ku nazale kuja kapitawo wathu anali mayi wina wophunzira za zomera, wokonda kufotokoza ngakhale osamufunsa. Ankati mtengo uli ndi bwana, ndipo bwanayo ndi nsonga. Timasamba tanthete ta kunsonga timapanga mahomoni, timadzi tosaoneka, timene timatsika m'tsinde usana ndi usiku. Uthenga wake umodzi: maso onse a m'munsi gonani. Mizu nayo imatumiza ake kukwera. Ena amati dzukani, ena amagwirizana ndi nsonga. Shuga wa mumtengo amayamba kudya ndi nsonga yomweyo, enawo alandire zotsala. Ndiye diso lili pakati, likumvera onse. M'kati mwake muli chibadwa chake, ngati loko. Mitundu ina loko wake ndi wofewa, imachita nthambi paliponse. Ina ndi wolimba. Lalanje la amayi linali la loko wolimba. Linkakula mowongoka, nthambi zowerengeka.

Mankhwala ake ku nazale anali amodzi. Diso likagwira, dula mutu wa mtengo pamwamba pake. Bwana wachoka, uthenga wasiya kubwera, diso ladzuka, lasanduka mutu watsopano. Ndinadula mitu yosawerengeka. Mpeni unkangoyenda wokha.

Ndipo sikuti lingagone mpaka kalekale. Ndimu ikukula. Khungwa lake likunenepa. Diso likachedwa, khungwa limalikwirira monga mchenga umakwiririra bwato losiyidwa. Pamatsala kachipsera basi.

Ndinafotokoza zonsezi Loweruka, tonse titakhala pamkeka. Faruku anakanda m'mutu. Anati nzimbe nayo ili choncho, ukaidzala yathunthu imaphuka kunsonga kokha, n'chifukwa chake amaiduladula. Anatero akuyang'ana pansi. Kenako anafunsa ngati sindingalisende disolo n'kuliika pa ndimu ina. Ndinati ayi. Lalumikizana kale. Kulichotsa n'kulipha.

Liness ankasenda chinangwa. Mpeni sunaime.

"Alamu, mwati mudule chiyani?"

"Mutu wokha. Mizu itsala. Mtengo sufa."

"Mutu wa mtengo wa mwana wanga."

"Uphukanso. Udzakhala lalanje."

"Ndinadzala ndimu ine."

Achemwali analowererapo. Anati lalanje limenelo ndi agogo ake a Daliso, akungopempha malo pang'ono kwa mdzukulu wawo. Anati zina ndi zakale, mwana amamusunga ndi Mulungu, osati ndimu. Liness anayankha mofatsa kuti Mulungu yemweyo angathe kusunganso lalanje popanda lezala. Faruku anadzuka, ati akukaona mbuzi. Mbuzi zinali pomwepo.

Kuyambira pamenepo pabwalo panazizira. Achemwali ndi Liness ankapita kumjigo padera. Mtondo unali umodzi, koma aliyense ankadikira mnzake amalize n'kulowa m'nyumba. Moni wokha. Faruku anayamba kubwera Loweruka mochedwa n'kubwerera Lamulungu molawirira. Tsiku lina ndinamuperekeza kumsewu. Ndinamufunsa kuti iye ali mbali iti. Anati amayi anamubereka, Liness amamuphikira, ndipo iye amadula nzimbe sabata yonse, sakufuna kudulanso china akafika pakhomo.

Ine ndinkayeza diso ndi kamtengo ka machesi. Khungwa la m'mbali linkakwera. Pang'ono, koma linkakwera. Kunsonga ndimu inatulutsa masamba atsopano, ofiirira, onyezimira. Bwana ali pantchito. Mnzanga wina woyendetsa thiraki anaimba kuti posachedwa adutsa pa Nkhotakota kupita ku Dar, malo alipo. Ndinati ndimuuza.

M'mawa wina Liness anapita kudambo kukavuula chinangwa. Achemwali anandipeza kuseri. Anandipatsa mpeni wawo wa nsomba, wonoledwa kumene. Anayankhula motsitsa.

"Dula. Tinena kuti ndi mbuzi."

"Mbuzi sidula mowongoka, achemwali."

"Ndiye dula mokhota. Ku Joni unkakaphunzira chiyani?"

Maso awo anali ofiira. Mayi amene saphonya swala. Iwo ndi amene anadwazika amayi mpaka tsiku lomaliza. Ankawafinyira malalanje omwewo m'kapu pamene china chilichonse chinkakana kutsika.

Ndinagwira tsinde ndi dzanja lamanzere. Ndinaika mpeni. Malo ake ndinkawadziwa osayang'ana. Pansi, pakati pa njerwa, panali kansapato ka pulasitiki ka Daliso, kamodzi, kofiira. Dzanja linakana. Ndinabweza mpeni. Achemwali sanaulandire. Unagwa pansi. Anati tauni inawabwezera munthu wopanda ntchito. Analowa m'nyumba.

Ndinayenda. Ndikasowa chochita ndimayenda. Ndinatsikira kumudzi wakale. Madzi anali atayamba kubwerera, kusiya matope ndi zigoba za nkhono. Pafupi ndi pamene panali chigayo panali mtengo wa malaina umene mafunde anaugwetsa. Sunazuke wonse. Unagona chammbali, nsonga m'matope. Ndinakhala patsinde kuti ndipume. China chinandibaya. Ndinayang'ana. Msana wonse wa mtengowo unali ndi mphukira, mzere, zonse zoloza kumwamba. Mutu uli pomwepo, wamoyo, ndi masamba ake. Palibe anaudula. Unangotsika.

Ndinakumbukira. Ku nazale timitengo tofooka sitinkatidula. Tinkatipinda, nsonga n'kuimangirira pansi. Kapitawo uja ankati tsinde likagona, timadzi ta bwana timatsata kunsi kwake, ndipo diso lokhala pamwamba pa chigongono limamasuka. Njira yochedwa. Sinkagwira nthawi zonse. Ine sindinkaikonda.

Ndinamupeza Liness akuyanika chinangwa pathandala. Ndinafotokoza. Sanakhulupirire. Tinapita limodzi kukaona malaina uja, Daliso ali kumbuyo. Anazungulira mtengo. Anathyola tsamba la kunsonga n'kulifikisa, kuona ngati lili ndi madzi. Anafunsa ngati pakhala chitsulo. Ndinati ayi. Anafunsa ngati tsinde silithyoka. Ndinati ndimu yaing'ono ndi yofewa. Anafunsa kuti likathyoka nditani. Ndinati sindikudziwa. Anati pa mayankho onse, limenelo lokha ndi limene walikhulupirira.

Tinapinda tsiku lomwelo. Ndinakhoma chikhomo cha mtengo. Chingwe ndinatenga cha ukonde wakale. Pang'onopang'ono. Tsinde linalira kamodzi. Silinathyoke. Nsonga inafika pafupi ndi dothi. Diso linatsala pamwamba, pachigongono, likuyang'ana dzuwa. Achemwali anaonerera ali patali. Sanabwere.

Mawa lake Daliso anakana phala. Tsiku lotsatira thupi linatentha.

Ndinadzutsidwa ndi njinga yamoto ikuchoka pakhomo. Kabaza. Liness ndi mwana, kuchipatala. Ndinazungulira kuseri. Chingwe chitamasulidwa bwinobwino, chitapindidwa panjerwa. Ndimu itadzuka, yokhota pang'ono, mutu m'mwamba. Pamene panadutsa chingwe panali mzere pakhungwa. Nayiloni inali itadya.

Ndinawerama kuyang'ana diso. Ndili chiweramire ndinazindikira kuti za mwana sindinafunse. Ndinapita kwa achemwali. Anali pakhonde, mikanda yopempherera ya tasibihi m'manja. Anati mwanayo anakomoka kutangocha, maso kutembenuka. Anati tikanadula muja, bwenzi pano tikunena chiyani. Ndinadziwa kuti ndi malungo. Nyanja inasiya zithaphwi paliponse, udzudzu ngati utsi. Ndinadziwa ndithu. Komabe ndinatenga chingwe chija n'kukachiponya kutali, m'munda wa chinangwa.

Mwana ndi mayi ake anawagoneka m'chipatala. Faruku anapempha kuntchito n'kupita komweko. Ife tinkapititsa chakudya. Ndinamuona Daliso ali ndi dilipi pamkono, milomo youma, osalira n'komwe. Achemwali anamulandira Liness kuti akasambe, anakhala pambali pa bedi akupepesera mwana ndi kachikatoni. Za mtengo palibe anatchula. Pobwerera kunyumba sindinkazungulira kuseri. Ndinkaopa kuona. Ndinkaopanso kupezedwa ndikuona.

Atatuluka, mwana anali wowonda koma akuseka, akukoka ndevu za bambo ake. Ndinapita kuseri kamodzi, anthu ali kutsogolo. Khungwa linali litakwera mbali zonse ziwiri. Diso linkaoneka ngati munthu wosuzumira pachitseko chimene wina akutseka. Ndinaimbira mnzanga wa thiraki. Anati adutsa Lachisanu. Ndinalongedza. Chikwama changa sichichedwa kulongedza.

Achemwali anachiona pakhomo. Anatsikira kunyanja, anabwera ndi kachidutswa ka nthambi youma ya lalanje, anakaika pawindo. Basi. Liness ankasesa pabwalo. Anaona.

Lachinayi m'mawa anandiitana kuseri. Anali ndi nsalu yakale, yofewa, yotha maluwa. Mbereko yoyamba ya Daliso. Anaing'amba ndi mano, mzere wautali.

"Gwirani mutuwo, alamu. Mwaulemu."

"Musadzikakamize."

"Anamuyeza magazi. Ndi malungo. Ndikudziwa kuti ndi udzudzu, sindine mwana." Anakulunga nsalu patsinde, mosafinya. "Koma chingwe chanu chija chinaudya mtengo. Iyi ndimanga ndine. Ndikafuna kumasula ndimasula, osandifunsa."

"Chabwino."

"Ndipo mutu uwu sudulidwa. Ngakhale lalanje lanulo litabereka mpaka kuthyoka."

Ndinapinda. Iye anamanga pachikhomo. Akumanga anandiuza kuti ali ndi pakati pa Daliso ankasanza chilichonse, ngakhale madzi. Malalanje aja okha ndi amene ankakhala. Achemwali ankamusendera, n'kumuseka kuti mwana adzabadwa wachikasu. Anati apongozi ake sanawaone, koma malalanje awo anadya. Anakoka mfundo, anadzuka, anapita kukapitiriza kusesa.

Thiraki inadutsa Lachisanu. Mnzanga anaimba ali pamsewu, injini ikulira. Ndinati apite, ndidzapeza ina. Anafunsa ngati ndakwatira. Ndinati ndikulera mtengo. Anatukwana n'kudula foni.

Zimene zinayamba kudzuka sizinali zathu. Maso a ndimu yeniyeniyo, pamsana ponse, anatupa n'kuphuka. Ndimu loko wake ndi wofewa. Mphukira iliyonse ikasiyidwa isanduka bwana watsopano, ndipo lathu ligonanso. Zimafunika kuzifikisa ndi chala zikadali zanthete. Ndinauza Liness. Anaganiza. Anati chala si chitsulo, koma chikhale chake. Ndiye m'mawa uliwonse iye ankafikisa, ine ndikuloza. Nsonga nayo sinagonje. Inayamba kukhota, kudzutsa mutu ngati njoka. Tinasuntha nsalu, kumangira chakumapeto. Inakhotanso. Tinasunthanso.

Diso lathu, zii. Khungwa linatsala pang'ono kukumana. Ndinataya kamtengo ka machesi. Ndinayamba kukonza mawu oti ndidzawauze achemwali. Ndinkawayeserera ndikuyenda. Onse ankatuluka oipa.

Liness ndi amene anaona. Chala chake chinali chikutsika kale. Anachiimitsa m'malere.

"Ichi n'changa kapena n'chanu?"

Ndinagwada. Pakati pa chipsera panali kanthu kobiriwira, kosongoka, kukula ngati njere ya mpunga. Ndinayang'ana mbali iyi, mbali iyo. Sikanachokere m'khungwa la ndimu. Kanachokera m'kati mwa diso lenilenilo.

"N'cha amayi."

"Mukanachedwa kuyankha bwenzi chitapita."

Achemwali anabwera ndi ufa m'manja. Anagwada. Anayang'ana nthawi yaitali. Sanalire. Anapukuta dzanja pachitenje, analiika paphewa la Liness, analichotsa. Kenako anafunsa ngati tsopano zatheka.

Ndinafuna kunena kuti inde. Koma kamphukira kotere mwera umakathyola. Mbozi imakamaliza m'mawa umodzi. Mutu wa ndimu uli pomwepo, wamoyo, wamphamvu, ukungodikira nsalu ikhwefuke. Mtengo wa mitu iwiri umafuna wina wougwira mpaka lalanje litalimba. Ndinati lero latheka. Za mawa tiona mawa.

Achemwali anafunsa kuti ndinyamuka liti. Ndinati katulutse kaye masamba. Anafunsa kuti masamba angati. Liness anati asamufunse mlamu mafunso ovuta, angathawe.

Kumbuyo kwathu mbuzi inali itaika kale miyendo panjerwa, khosi litatalika. Ndinaithamangitsa. Ndinatenga chikwanje. Ndinapita kukadula minga ina.